Makalasi Amene Anagona Pansi pa Manda a Asilamu ku Alexandria

Nkhani ya lero ndi yaitaliko ndithu, ndiye amene mukudikira futari iwerengeni pang'onopang'ono, kapena isungeni mpaka mutabwerako ku Taraweh. Tikupita ku Egypt, mumzinda wa Alexandria, ndipo kumeneko tikalowa pansi pa nthaka.

Munthu akatsika sitima pa siteshoni yaikulu ya mzindawu, imene eni ake amaitcha Mahattat Misr, sayenda mtunda wautali kuti afike pa mpanda wina. Kunja kwa mpandawo ndi Alexandria wa lero: mahutala a magalimoto, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, nyumba zosanjikizana zokhala ndi zovala zoyanikidwa m'makhonde. Koma akasuzumira mkati amaona chidzenje chachikulu cha mahekitala pafupifupi 4, ndipo pansi pake, mamita angapo kutsika kuchokera pamsewu umene waimapo, pali mzinda wina. Pali mizati yamiyala itandandalika mumzere, makoma a njerwa zofiira, ndi mipando yamiyala yozungulira. Malowa amatchedwa Kom el-Dikka. Liwu loti kom m'Chiarabu cha ku Egypt limatanthauza mulu kapena chulu, ndipo dzinali silinama, pakuti mpaka zaka za m'ma 1950 pamene pali dzenjepa panali kaphiri.

Kaphiri kameneka sikanali kachilengedwe ayi, anakaunjika ndi anthu, mbadwo ndi mbadwo. Pamwamba pake asilikali a Napoleon, amene analanda mzindawu mu 1798, anamangapo linga. Panalinso manong'onong'o akuti pansi pake kapena chapafupi pomwepo pali manda a Alexander Wamkulu, mfumu imene inayambitsa mzindawu mu 331 B.C., manda amene mpaka lero sanapezeke. Boma la Egypt litaganiza zosalaza kaphiriko kuti pamangidwe nyumba zatsopano, linaitana akatswiri ofukula zakale a ku yunivesite ya Warsaw, m'dziko la Poland, motsogozedwa ndi Kazimierz Michałowski, kuti aone kaye zimene zili pansi. Anayamba ntchito mu 1960. Nyumba zija sizinamangidwe, ndipo a ku Poland aja pamodzi ndi anzawo a ku Egypt akhala akugwira ntchito pamalopa zaka zoposa 60. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisanatsikire m'dzenjemo, titchule munthu mmodzi amene kawirikawiri amaiwalika. Mu 1866, katswiri wa nyenyezi wa ku Egypt, Mahmoud al-Falaki, atatumidwa ndi Khedive Ismail, anakumba maenje m'malo osiyanasiyana a mzindawu kufunafuna misewu yakale, n'kujambula mapu a Alexandria wa nthawi ya Agiriki ndi Aroma. Misewuyo anaipatsa zilembo ndi manambala. Mpaka lero ofukula zakale amagwiritsa ntchito mayina akewo, ndipo msewu wakale umene umadutsa pa Kom el-Dikka amautchabe R4, monga momwe iye anaulembera.

Tsopano titsike, monga anatsikira ofukulawo. Atachotsa za linga lija anapeza dzala lalikulu la nthawi ya mafumu a Ayyubi ndi Mamluk: phulusa, mafupa a nyama, mapale osawerengeka, ena mwa iwo a mbale zochokera ku China. Pansi pa dzalalo anapeza manda. Atatsika anapezanso manda ena, ndipo pansi pa amenewo, enanso. Magawo atatu a manda, kuyambira zaka za m'ma 700 kufika za m'ma 1100, ndipo ogona m'menemo anagonekedwa chakumanja, nkhope zitaloza kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli Makka. Anali manda a Asilamu. Pansi pa mandawo m'pamene panali nyumba za nthawi yakumapeto kwa ufumu wa Aroma, zomwe ndi mutu wa nkhani yathu. Ndipo pansi pa izo palinso nyumba za anthu olemera za m'zaka za m'ma 100, imodzi mwa izo yokhala ndi zithunzi za mbalame zopangidwa ndi timiyala tamitundumitundu pansi pake. Nyumba za olemerazo zinagwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 200, nthawi imene mzindawu unamenyedwa ndi mafumu ake omwe, Aurelian mu 272 ndi Diocletian mu 298. Pabwinja pakepo m'zaka za m'ma 300 panamangidwa nyumba za anthu onse.

Ziwiri mwa nyumbazi alendo amazikonda kwambiri, ndipo tingozidutsa msanga. Yoyamba ndi nyumba yaikulu yosambiramo, yanjerwa zootcha, yokhala ndi ng'anjo kunsi kwake zotenthetsera madzi ndi zipinda, ndi matanki akuluakulu osungira madzi pambali pake. Yachiwiri ndi kabwalo ka zisudzo, kokhala ndi mizere 13 ya mipando ya mwala wa mabo. Cha m'ma 500 kabwaloka anakakonzanso n'kukafolera ndi denga lozungulira. Pamipando yake pali timawu ndi tizithunzi tozokota ta otsatira magulu awiri a mpikisano wa magaleta a akavalo, Obiriwira ndi Abuluu, aliyense kufunira gulu lake chipambano. Amene timaona zomwe ochemerera mpira amalemba pamakoma sitingadabwe nazo.

Chimene chatikokera ife pamalopa ndi chinthu chosaoneka bwino pachithunzi. M'mbali mwa khonde lalitali la mizati, kuyambira pa kabwalo kaja kulowera kumpoto, muli mzere wa zipinda zapafupifupi 20. Zoyamba anazifukula ndi Mieczysław Rodziewicz m'zaka za m'ma 1980, ndipo zambiri anazitulukira ndi Grzegorz Majcherek ndi gulu lake kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Dziko linamva za izo mu 2004. Zipindazi n'zofanana mamangidwe ake. Zambiri n'za mamita pafupifupi 5 m'lifupi ndi 10 m'litali. M'mbali mwa makoma muli mabenchi amiyala osanjikizana ngati masitepe, mizere iwiri, itatu kapena inayi, oyenda ngati chilembo cha U. Pakati pa U ameneyo, moyang'anizana ndi khomo, pali mpando umodzi wokwezeka kuposa ina yonse, wokwererapo ndi masitepe ake. Ndipo m'zipinda zina, pakati penipeni pa chipinda, pali mwala umodzi woikidwa pansi, pamaso pa mpando wokwezekawo.

Amene tinakhalapo pa madrasa sitifunika kutiuza zambiri. Mpando wapamwambawo ndi wa mphunzitsi. Mabenchiwo ndi a ophunzira, okhala moonana nkhope kuti akamatsutsana aliyense amve ndi kuona mnzake. Mwala wapakatiwo akatswiri amauona ngati malo oimapo wophunzira amene wafika nthawi yake yowerenga, kapena poikapo choikira buku. Taganizani mwana ataima pamenepo, anzake 20 kapena 30 atamuzinga, mphunzitsi ali pamwamba akudikira kuti aphonye liwu. Ife amene tinawerengapo pamaso pa shehe, mawu akunjenjemera, tikuudziwa mwala umenewo ngakhale sitinauponde. Zipinda zonse pamodzi zikanatha kutenga ophunzira 500 kapena 600 nthawi imodzi, ndipo kabwalo ka zisudzo kaja, katafoleredwa, kayenera kuti kanasanduka holo yaikulu ya sukuluyi. Zinamangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 400 ndipo zinagwira ntchito mpaka m'zaka za m'ma 600. M'maiko onse ozungulira nyanja ya Mediterranean palibe pena pamene panafukulidwa makalasi ochuluka chonchi a nthawi imeneyo.

Miyalayi siitchula mayina a aphunzitsi. Koma mabuku amatiuza amene ankaphunzitsa mumzindawu zaka zomwezo. Mnyamata wina wa ku Gaza, Zacharias, amene pambuyo pake anakhala bishopu, anaphunzira ku Alexandria m'zaka za m'ma 480, ndipo analemba za moyo wa ophunzira. Amafotokoza za mphunzitsi wa filosofi, Ammonius, atakhala pampando wokwezeka akumasulira mabuku a Aristotle, ndipo kwa zaka zambiri owerenga ankaona ngati n'kukometsera nkhani chabe, kufikira mipandoyo itatuluka m'nthaka. Zacharias amanenanso za wophunzira wina, Paralius, amene ananyoza kachisi wa mulungu wamkazi Isis, anzake opembedza milungu yakale n'kumumenya. Anamumenya Lachisanu, tsiku limene aphunzitsi ambiri ankaphunzitsira kunyumba kwawo, sukulu ili pululu. Nkhaniyo inakula mpaka kachisiyo anakaphwasulidwa. Tikutchula zimenezi kuti tisaganize kuti inali sukulu ya mtendere wokhawokha. Akhristu ndi opembedza mafano ankakhala benchi limodzi, koma mumzinda umene mu 415 gulu la anthu linapha mphunzitsi wamkazi Hypatia.

Mwa ophunzira a Ammonius munali Mkhristu wina dzina lake John Philoponus, wobadwa cha m'ma 490. Mabuku a Chiarabu amamutcha Yahya al-Nahwi, kutanthauza Yahya katswiri wa malamulo a chiyankhulo. Dzinali lisungeni, tikumana nalo kawiri. Afilosofi a Chigiriki, potsatira Aristotle, ankaphunzitsa kuti dziko lilibe chiyambi, lakhalapo kuyambira kale lopanda malire. Mu 529, chaka chimene mfumu Justinian inaletsa opembedza milungu yakale kuphunzitsa ku Athens, Philoponus analemba buku lotsutsa ganizo limeneli. Nzeru yake inali yakuti sanatsutse ndi malemba a chipembedzo chake, amene otsutsana naye sakanawavomera, koma ndi mfundo za Aristotle yemweyo. Aristotle ankanena kuti chinthu chopanda malire sungachiwoloke n'kufika kumapeto kwake. Philoponus anati: ngati ndi choncho, ndipo masiku a m'mbuyo ndi opanda malire, tafika bwanji pa tsiku la lero? Anawonjezanso za nyenyezi. Saturn, imene Aarabu amaitcha Zuhal, imazungulira kamodzi pa zaka 30, pamene Jupiter, kapena kuti Mushtari, imazungulira kamodzi pa zaka 12. Ngati zonse zakhala zikuzungulira kwamuyaya, ndiye kuti chiwerengero china chopanda malire n'chachikulu kuposa chinzake chopandanso malire, zomwe Aristotle sakanavomera.

Tsopano tsegulani Tahafut al-Falasifa ya Imam al-Ghazali (Allah amuchitire chifundo), yomalizidwa ku Baghdad mu 1095. M'nkhani yake yoyamba, yotsutsa afilosofi pa zakuti dziko lilibe chiyambi, mupezamo mfundo yomweyi, ndi nyenyezi zomwezi, Zuhal wa zaka 30 ndi Mushtari wa zaka 12. Al-Kindi anali atagwiritsa kale ntchito mfundo za mtundu umenewu m'zaka za m'ma 800. Chida chimene maulama athu anatetezera nacho chikhulupiriro chakuti dziko linalengedwa chinasulidwa ndi Mkhristu wa ku Alexandria, amene anadzaweruzidwa kuti ndi wosokera pa msonkhano wa ku Constantinople wa 680 mpaka 681. Ife sitiona chochititsa manyazi pamenepa. Maulama akale ankatola chanzeru kulikonse kumene achipeza, n'kuchiyesa, chabwino n'kusunga.

Apa ndi pamene tikumane ndi nkhani imene ambiri a ife tinaponyeredwapo, kusukulu, kuntchito kapena pa intaneti: yakuti Asilamu ndiwo anawotcha laibulale yotchuka ya Alexandria. Nkhaniyo imati Amr ibn al-As (Allah asangalale naye) atalanda mzindawu, munthu wina wophunzira anamupempha mabuku a m'nyumba yachifumu. Amr analembera Khalifa Umar (Allah asangalale naye), ndipo Khalifa akuti anayankha kuti ngati mabukuwo akugwirizana ndi Buku la Allah ndi osafunika, ngati akutsutsana nalo ndi oopsa, choncho awonongedwe. Mabukuwo akuti anagawidwa m'nyumba zosambiramo za mumzindawu, n'kukhala nkhuni kwa miyezi 6. Ndipo munthu wophunzira amene anapempha mabukuwo ndani? Yahya al-Nahwi. Koma Philoponus anamwalira cha m'ma 570, zaka pafupifupi 70 Amr asanafike.

Tisathamangire kuloza chala azungu, chifukwa nkhaniyi inayamba kulembedwa ndi anthu athu. Woyamba kuitchula mwachidule ndi Abd al-Latif al-Baghdadi, amene anali ku Egypt cha m'ma 1200. Ibn al-Qifti, womwalira mu 1248, ndiye anailemba yonse, ndipo bishopu Bar Hebraeus anaitenga kwa iye. Ku Ulaya inafala Edward Pococke atamasulira buku la Bar Hebraeus m'Chilatini mu 1663. Onani kutalika kwa nthawi: zaka zoposa 500 kuchokera pa kulandidwa kwa mzindawu kufika pa munthu woyamba kutchula za motowo. Ibn Abd al-Hakam, al-Baladhuri ndi al-Tabari, amene analemba mwatsatanetsatane za kulowa kwa Asilamu mu Egypt, sanena kanthu. Ibn al-Nadim, mu Fihrist yake ya 987, analakwitsa ndithu ponena kuti Yahya anakhala ndi moyo mpaka nthawi ya Amr, koma zimene iye akunena n'zakuti Amr anamulemekeza. Za moto palibe. Koposa onse pali John wa ku Nikiu, bishopu wa Chikoputiki wa m'zaka zomwezo za m'ma 600, amene sankawakonda Aarabu ndipo analemba zowawa zambiri za nkhondoyo. Iyenso za kuwotcha mabuku sazidziwa. Ndipo tinene chilungamo, amene anaigwetsa nkhaniyi ambiri ndi akatswiri a ku Ulaya omwe: Eusèbe Renaudot mu 1713, Edward Gibbon, Alfred Butler mu 1902, ndi Bernard Lewis m'nthawi yathu ino.

Laibulale ya mafumu a Ptolemy inali itatha kalekale Amr asanabadwe. Moto wa nkhondo ya Julius Caesar mu 48 B.C. unawononga mabuku ambiri, dera la nyumba zachifumu linaphwasuka pa nkhondo ya 272, ndipo kachisi wa Serapis, kumene kunali laibulale yachiwiri, anagwetsedwa cha mu 391. Kuwonjezera apo, buku la gumbwa mumzinda wachinyontho wa m'mbali mwa nyanja limaola lokha ngati palibe wolipira alembi kuti alikopere.

Komabe, abale, kupambana mkangano wa laibulale kusatipangitse kuganiza kuti kufika kwa Asilamu sikunasinthe kanthu pa Alexandria. Makalasi a pa Kom el-Dikka akutikakamiza kuyang'ana funso lovutirapo. Iwo analipo, akugwira ntchito, m'zaka za m'ma 600. Pofika zaka za m'ma 700 anthu anali akuikamo maliro. Chinachitika n'chiyani?

Mzindawu unali utafooka kale. Mliri waukulu wa 541 unayambira ku Pelusium, mu Egypt momwemo, ndipo unkabwerabwera. Mu 619 Aperisiya analanda Alexandria n'kukhalamo zaka 10. Aroma atangobwerera, Amr analowa mu Egypt kumapeto kwa 639. Mu November 641 Cyrus, mkulu wa mpingo amenenso ankalamulira m'malo mwa mfumu, anasaina pangano lopereka mzindawu, lopatsa Aroma miyezi 11 kuti achoke ndi katundu wawo, ndipo mu September 642 zombo zawo zinanyamuka. Onyamukawo sanali asilikali okha. Munalinso akuluakulu a boma ndi anthu achuma olankhula Chigiriki, anthu amene ana awo ankadzaza mabenchi aja. Mu 645 Aroma anabweranso panyanja n'kulanda mzindawu, ndipo Amr anaulandanso mu 646, ulendo uno ndi nkhondo yeniyeni. Koma chimene chinapweteka Alexandria kwambiri sichinali lupanga. Likulu la dziko linasamukira ku Fustat, pafupi ndi pamene pali Cairo lero, chifukwa Khalifa Umar sanafune kuti pakati pa iye ndi asilikali ake pakhale madzi. Misonkho inayamba kupita kumeneko. Tirigu amene kale ankadutsa padoko la Alexandria kupita ku Constantinople anayamba kulowera ku Hijaz kudzera mu ngalande yopita ku Nyanja Yofiira. Kenako, cha mu 706, maofesi a boma anasiya Chigiriki n'kuyamba Chiarabu.

Sukulu ngati ya pa Kom el-Dikka inkadalira zinthu ziwiri: ndalama za mzinda zokonzera nyumba, ndi makolo okhulupirira kuti mwana wodziwa Chigiriki chapamwamba adzapeza udindo m'boma. Zonse ziwiri zitaphwa, panalibe chifukwa choti wina aiwotche. Ng'anjo za nyumba yosambiramo zinazima, madenga anayamba kudontha, osowa miyala yomangira anayamba kugumula makoma, ndipo mabo ena anawotchedwa kukhala laimu. Mzinda unachepa, kotero kuti linga limene linamangidwa m'zaka za m'ma 800 linazinga gawo chabe la Alexandria wakale. Malo amene kale anali pakatikati pa mzinda anasanduka bwinja, ndipo bwinja la pafupi ndi anthu limasanduka manda kapena dzala. Pano linasanduka zonse ziwiri. Imfa yoteroyo ya sukulu, yopanda utsi, yongobwera chifukwa chosowa woikonza ndi wolipira mphunzitsi, ife timaiona ngati yoopsa kuposa ya moto, popeza palibe tsiku limene munthu angaloze kuti lero ndiye yatha.

Nyumba zinafa, koma maphunziro ake anasamuka. Ndipo kusamukako kunayamba Chisilamu chisanafike. Sergius wa ku Reshaina, womwalira mu 536, anaphunzira ku Alexandria n'kukamasulira mabuku a Galen m'Chisiriya. Ngakhale mzinda utalandidwa, anthu ankabwerabe kudzaphunzira: Jacob wa ku Edessa, mmodzi wa ophunzira akulu a mpingo wa Chisiriya, anadza ku Alexandria uli kale m'manja mwa Asilamu. Dokotala Paul wa ku Aegina, wa m'zaka za m'ma 600, analemba buku la zachipatala limene linamasuliridwa m'Chiarabu, ndipo al-Zahrawi wa ku Cordoba anatapamo zambiri pa nkhani za opaleshoni. Aphunzitsi a udokotala a ku Alexandria anali atasankha mabuku 16 a Galen oti wophunzira awerenge motsatana, ndipo ndondomeko imeneyo inalowa m'Chiarabu pamodzi ndi zidule zake, zotchedwa Jawami al-Iskandaraniyyin, kutanthauza zidule za anthu a ku Alexandria. Chimodzimodzinso filosofi: kuyamba ndi kabuku ka Porphyry, kenako mabuku a Aristotle a mantiq motsatana. Kabuku ka mantiq kotchedwa Isaghuji, kamene kakuwerengedwabe m'madrasa ena mpaka lero, dzina lake ndi liwu la Chigiriki lija la kabuku ka Porphyry, lotanthauza mawu oyamba.

Al-Farabi, womwalira mu 950, anafotokoza kuti maphunzirowa anachoka ku Alexandria kupita ku Antioch, mpaka anafika ku Baghdad kudzera mwa aphunzitsi ochepa a ku Harran ndi Marw. Al-Mas'udi amati kusamuka koyambako kunachitika m'nthawi ya Khalifa Umar ibn Abd al-Aziz, amene analamulira kuyambira 717 mpaka 720. Akatswiri a masiku ano saitenga nkhaniyi ngati ulendo weniweni wa sukulu imodzi yonyamula mabuku pangamira. Njira zinali zambiri, ndipo nyumba za amonke a Chisiriya zinachita mbali yaikulu. Koma chimene chikutikhudza ife n'chakuti al-Farabi, Msilamu wa ku Baghdad, pofuna kuonetsa isnad ya maphunziro ake, anaikokera ku Alexandria. Anthu amene makolo awo akuti anawotcha mabuku a mzindawu ndi omwewo amene ankanyadira kuti ndi alowam'malo a aphunzitsi ake.

Pali umboni wina umene umatigwira mtima kuposa wonsewu. Hunayn ibn Ishaq, Mkhristu wa ku al-Hira, womwalira mu 873, mkulu wa omasulira mabuku ku Baghdad, analemba kalata yotchula mabuku 129 a Galen, ndi amene anamasulira lililonse. M'kalatamo amafotokoza kuti ophunzira udokotala ku Alexandria ankasonkhana tsiku lililonse kuwerenga buku limodzi lalikulu ndi kulimasulira, monga ankachitira anzake Achikhristu a m'masiku ake. Akunena za makalasi amene iye sanawaone. Amanenanso kuti buku lina la Galen, la kapezedwe ka umboni, analifunafuna ku Jazira, ku Syria, ku Palestine ndi ku Egypt mpaka anafika ku Alexandria, osalipeza, kupatula pafupifupi theka lake ku Damascus. Hunayn anayenda m'misewu ya mzindawu kusaka buku, nthawi imene mabenchi owerengerapo mabuku otero anali atayamba kale kukwiririka pansi pa manda. M'zaka zapafupi ndi zomwezo, ku Fustat, Imam al-Shafi'i (Allah amuchitire chifundo), womwalira mu 820, anali ataphunzitsa mu mzikiti wa Amr, ophunzira atamuzinga. Egypt sanasiye kuphunzira. Anasintha mzinda, chiyankhulo ndi maphunziro ofunika.

Tibwerere ku manda aja, chifukwa pali chinthu chimene sitingachilumphe. Kuti afike pa makalasi, ofukula anayenera kudutsa m'manda a Asilamu anzathu. Manda mazanamazana anatsegulidwa, kujambulidwa, kuyezedwa, n'kuchotsedwa. Władysław Kubiak anawerenga ndi kusindikiza zolembedwa pa miyala ya pamandapo, za m'zilembo za Kufi, zokhala ndi shahada, mayina a omwalira ndi mapemphero owapemphera chifundo. Elżbieta Promińska anayeza mafupa kuti adziwe za zaka, matenda ndi imfa za anthu a mumzindawu. Kuchokera m'ntchito imeneyi tikudziwa zambiri za Asilamu wamba a ku Alexandria, anthu amene mabuku a mbiri sawatchula. Koma ife amene tinaphunzitsidwa kuti fupa la womwalira lili ndi ulemu wofanana ndi la wamoyo, sitingawerenge malipoti otero mtima uli m'malo. Amene anagoneka mayi ake pamenepo m'chaka cha 900 sanaganize kuti tsiku lina adzakhala nambala m'kaundula. Mbali inayi, kaphiriko kanali koti kasalazidwe ndi makina kuti pamangidwe nyumba, ndipo makina safunsa kuti nkhope yaloza kuti. Maulama ali ndi zonena zawo pa nkhani ya manda akale kwambiri ndi kusamutsa mafupa pakakhala chifukwa, ndipo fatwa tiwasiyira iwo. Ife tangoona kuti chisangalalo cha makalasiwa chili ndi mtengo wake, ndipo anaulipira ndi anthu amene sanafunsidwe.

Mandawo nawonso anachita ziwiri. Anawononga, chifukwa okumba manda oyambirira anaboola pansi pa makalasi, kudula mabenchi, n'kutenga miyala yake kutchingira mitembo. Koma anatetezanso, chifukwa pamanda anthu samangapo nyumba za maziko akuya, ndipo dzala litabwera pamwamba pake linatseka zonse. Kwina konse pakati pa Alexandria mzinda wakale uli pansi pa nyumba zosanja, ndipo umangoonekera pang'ono wina akamakumba maziko. Pano pokha dera lathunthu linatsala, ndipo mlendo atha kuyenda kuchoka pa kabwalo ka zisudzo, kudutsa m'khonde la mizati, n'kusuzumira m'zipinda zija chimodzichimodzi. Mipata ina imene aione m'mizere ya mabenchi inasiyidwa ndi makasu a okumba manda a m'zaka za m'ma 700, amene ankadula mwala mopingasa, osatsata khoma la Aroma, kuti wogonamo ayang'ane ku chibula.